Kodi Ronald Reagan anagwetsadi Soviet Union, kapena anali mnzawo wa Mabunu?

Funso:

"Ine ndine mphunzitsi wa History pa sekondale ina yoyendera ku Dedza. Temu ino ndikuphunzitsa Fomu 4 za Cold War ndipo ndafika pa Ronald Reagan. Alamu anga amene amakhala ku America amati ameneyu ndiye pulezidenti woposa onse a masiku athu ano, munthu amene anagwetsa Soviet Union osawombera ngakhale chipolopolo chimodzi. Koma malemu bambo anga, amene anagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa pa Theba, akamva dzina limeneli pa wailesi ankalavula, amvekere ameneyo ndi mnzawo wa Mabunu. Buku lomwe tili nalo pasukulu lili ndi ndime ziwiri zokha za iye. Ana ndiwauze chiyani? Sindikufuna kuwanamiza, komanso sindikufuna kuoneka ngati ndikuchita ndale m'kalasi."

Yankho:

Zikomo aphunzitsi, ndipo mtima ukhale m'malo. Kusiyana kumene mukukuona pakati pa alamu anu ndi malemu bambo anu ndi komweko kumene kuli pakati pa akatswiri a mbiri yakale mpaka lero. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa za ubale wa mayiko, funso limeneli silinaphonyepo chaka. Aliyense wa awiriwo wagwira poona. Komabe sindikuuzani kuti mungogawa pakati n'kuwauza ana kuti munthuyu anali ndi zabwino ndi zoipa zomwe, chifukwa zimenezo munganene za wina aliyense ndipo mwana satolapo kanthu. Maganizo anga ndi awa: Reagan amatamandidwa chifukwa cha mawu ake aukali, chonsecho chachikulu chimene anachita chinabwera ataleka ukaliwo n'kukhala pansi ndi mdani. Ndipo kumene ankaona kuti kuphonya kungawotche America ankaponda mosamala, koma kumene olira anali anthu a mayiko osauka, chisamaliro chimenecho panalibe.

Munthuyo anabadwa mu 1911 ku Illinois. Anaulutsapo masewera pa wailesi, kenako anakhala wosewera m'mafilimu ku Hollywood ndiponso mtsogoleri wa bungwe la osewera anzake. Poyamba anali wa chipani cha Democratic, mu 1962 n'kulowa Republican. Anakhala bwanamkubwa wa California kuyambira 1967 mpaka 1975, ndipo mu 1980 anagonjetsa Jimmy Carter. Nthawi imeneyo anthu a ku America anali atagwa mphwayi. Mitengo ya zinthu inkakwera ndi maperesenti opitirira 13 pachaka, bala la Vietnam linali lisanapole, asilikali a Soviet Union anali atalowa mu Afghanistan, ndipo nzika 52 za America zinali zitatsekeredwa ku Tehran. Anthuwo anamasulidwa pa 20 Januwale 1981, tsiku lomwe Reagan analumbira, atakhala m'manja mwa owagwira masiku 444. Anawina ndi lonjezo la misonkho yochepa, boma losalowerera pa malonda, asilikali amphamvu ndi makhalidwe a kutchalitchi, zimene kumeneko amazitcha conservative.

Atsogoleri amene analipo iye asanabwere, kuyambira Richard Nixon, anali atavomereza kuti Soviet Union ilipo ndipo idzakhalapo, chofunika n'kudziwa kukhala nayo. Reagan anakana zimenezo. Ankakhulupirira kuti chikomyunizimu chinawola m'kati ndipo chikapanikizidwa chigwa. Mu 1982, polankhula kwa aphungu a ku Britain, ananena kuti chidzathera kudzala. Mu Malichi 1983 ku Orlando, pamaso pa atsogoleri a mipingo, anatcha Soviet Union ufumu woipa, ndipo patangotha masabata awiri analengeza pulogalamu ya SDI, yofuna kupanga zida zophulitsira m'mlengalenga mizinga ya adani isanatere. Ndalama zopita ku usilikali zinakwera kufika pafupifupi 6 peresenti ya chuma chonse cha dzikolo. Kumapeto kwa chaka chomwecho mizinga ya Pershing II inayamba kuikidwa ku West Germany, uku namtindi wa anthu ukuguba m'misewu ya ku Ulaya kuikana. Apa muwatsine khutu ana anu kuti zina mwa izi sanaziyambe ndi iye. Ganizo loika mizingayo bungwe la NATO, mgwirizano wa zankhondo wa America ndi mayiko a kumadzulo kwa Ulaya, linalipanga mu 1979, Carter ali pampando, ndipo ndi Carter yemweyo amene anayamba kuthandiza zigawenga za ku Afghanistan.

Chaka cha 1983 ndicho ndimachedwapo ndikamaphunzitsa, chifukwa mabuku a sekondale amachidumpha. Pa 1 Seputembala ndege yankhondo ya Soviet Union inagwetsa ndege ya anthu wamba ya ku South Korea imene inasochera njira, anthu 269 n'kufa. Kumapeto kwa mwezi womwewo makina a ku Moscow anasonyeza molakwika kuti America yaponya mizinga, ndipo msilikali amene anali pa ntchito usiku umenewo, Stanislav Petrov, anasankha kusawakhulupirira. Mu Novembala asilikali a NATO ankayeserera nkhondo ya nyukiliya pa zokonzekera zotchedwa Able Archer, ndipo pali umboni woti akuluakulu ena ku Moscow anaopa kuti kuyesererako n'chiphimbamaso chabe. Akatswiri amatsutsana za kukula kwa manthawo, koma satsutsana za momwe nkhaniyi inamukhudzira Reagan. M'buku lake lolembamo za tsiku ndi tsiku analemba modabwa kuti anthu a ku Soviet Union akuopadi kuti America iwaputa, ndipo n'kofunika kuwauza kuti palibe amene ali ndi maganizo amenewo. Mu Januwale 1984 analankhula mofatsa za kufunika kokambirana. Onani chakacho: Mikhail Gorbachev anali asanakhale mtsogoleri wa Soviet Union. Reagan anayamba kufewa yekha, kungoti analibe wolankhula naye, poti Brezhnev anamwalira mu 1982, Andropov mu 1984, Chernenko mu 1985. Iye mwini ankaseka kuti atsogoleri a kumeneko amangomufera asanakumane nawo.

Gorbachev atalowa mu Malichi 1985, zinthu zinathamanga. Anakumana ku Geneva mu Novembala chaka chomwecho. Ku Reykjavik mu Okutobala 1986 anatsala pang'ono kugwirizana zothetseratu zida za nyukiliya, moti nduna yaikulu ya Britain, Margaret Thatcher, ndi akuluakulu a asilikali a America yomweyo anagwidwa tsemwe atamva. Zinakanika chifukwa Gorbachev ankafuna kuti SDI ithere mu labotale ndipo Reagan anakana, ngakhale kuti chidacho chinali chisanapangidwe n'komwe ndipo mpaka lero sichinapangidwe momwe iye ankachilotera. Koma pa 8 Disembala 1987 ku Washington anasainirana pangano la INF, lowononga mizinga yonse yoponyedwa kuchokera pamtunda imene imafika makilomita 500 mpaka 5,500. Pofika 1991 mizinga 2,692 inali itaphwanyidwa, mbali iliyonse ikutumiza anthu ake kukaona ndi maso. Aka kanali koyamba kuti mayiko awiriwa athetse mtundu wathunthu wa zida zimenezi m'malo mongogwirizana malire. Reagan anali ngati wogula ng'ombe amene amafika pamsika n'kuyamba kuinyoza, koma chingwe ali nacho kale m'thumba.

Chimene alamu anu mwina sanakuuzeni n'chakuti amene anamunyoza kwambiri pa panganoli anali anzake omwe. Howard Phillips, mtsogoleri wa gulu lina la conservative, anamutcha chitsiru chimene Moscow ikuchigwiritsa ntchito. Ena m'boma lake lomwe ankati Gorbachev akungomupusitsa nkhalambayo. Reagan anamvera nduna yake yoona za kunja, George Shultz, n'kupitiriza. Atapita ku Moscow mu 1988, mtolankhani anamufunsa ngati akuonabe dzikolo ngati ufumu woipa, iye anati ayi, mawu amene aja anali a nthawi ina. Kwa ine ukulu wake uli pamenepa. Kulankhula mwaukali aliyense wa chipani chake akanatha. Kuzindikira kuti mdani wasinthadi, n'kupirira matukutuku a anthu amene anakuvotera, ndi ochepa akanatha, ndipo wa chipani cha Democratic akanati ayesere zomwezo akanamudya wamoyo.

Nanga anagwetsa Soviet Union ndi iye? Mawu ake a ku Berlin a pa 12 Juni 1987, ouza Gorbachev kuti agwetse khoma, amaonetsedwa kawirikawiri ngati kuti khomalo linagwa mawa lake. Linagwa pa 9 Novembala 1989, Reagan atachoka kale pampando, ndipo Soviet Union inatha mu Disembala 1991 pa nthawi ya George H. W. Bush. Chuma cha dzikolo chinali chitayamba kale kupenapena Reagan asanalowe. Linkagula tirigu kunja pogwiritsa ntchito ndalama za mafuta, ndiye mu 1986 mtengo wa mafuta unagwa kuchoka pa madola pafupifupi 30 pa mgolo kufika pafupi ndi 10. Chaka chomwecho malo awo opangira magetsi a nyukiliya anaphulika ku Chernobyl. Ku Afghanistan kunafa asilikali awo pafupifupi 15,000. Ku Poland apantchito a bungwe la Solidarity, olimbikitsidwa ndi Papa John Paul II, anali atasonyeza kale kuti boma lonena kuti ndi la apantchito likukanidwa ndi apantchito omwewo. Koposa zonse, Gorbachev anasankha kusatumiza akasinja mu 1989 monga anachitira anzake ku Hungary mu 1956 ndi ku Czechoslovakia mu 1968. Kupanikiza kwa Reagan kunawonjezera katundu pa mutu wotopa kale, ndipo kufewa kwake kunapatsa Gorbachev mpata wouza akazembe ake ankhondo kuti America siwaputa. Kunena kuti anathandiza kwambiri kuti udaniwo uthe popanda nkhondo yaikulu n'zoona. Kunena kuti anagwetsa dzikolo yekha n'kukokomeza.

Koma mawu akuti osawombera chipolopolo ndiwo sindingawalole m'kalasi. Zipolopolo zinalira, kungoti sizinalire ku Ulaya. Mfundo ya boma lake inali yopereka zida ndi ndalama kwa aliyense womenyana ndi boma lokondera Moscow, komanso kuteteza boma lililonse lodana ndi chikomyunizimu. Kazembe wake ku United Nations, Jeane Kirkpatrick, ndiye anaiyala bwino mfundoyi: wolamulira wankhanza wa mbali yathu angathe kusintha, koma wa chikomyunizimu sasintha, choncho tisamakankhe anzathu. Ku El Salvador, mu Disembala 1981, gulu la asilikali a boma lophunzitsidwa ndi America linapha anthu wamba mazana ambiri, ochuluka mwa iwo ana, m'mudzi wa El Mozote ndi midzi yozungulira. Akuluakulu a ku Washington anati atolankhani akukokomeza, mpaka mafupa anafukulidwa mu 1992. Ku Guatemala Reagan anakumana ndi wolamulira dzikolo, Efraín Ríos Montt, mu 1982 n'kunena kuti akumunamizira, pa nthawi imene asilikali a mkuluyo ankaseseratu midzi ya anthu a mtundu wa Maya. Ku Nicaragua bungwe la akazitape a America la CIA linathandiza zigawenga za Contra, zomenyana ndi boma lokondera Moscow, ndi kutchera mabomba m'madoko, ndipo mu 1986 khoti la dziko lonse ku The Hague linagamula kuti America yaphwanya malamulo. America inakana chigamulocho. Ku Afghanistan zida zinkadzera kwa akazitape a Pakistan, amene ankakondera magulu ouma mtima kwambiri pa chipembedzo monga la Gulbuddin Hekmatyar. Musawauze ana kuti Reagan anapanga al-Qaeda, monga zimayendera pa Facebook, chifukwa si momwe zinalili. Koma zida ndi magulu amene anatsala kumeneko anasautsa dzikolo zaka zambiri.

Pamene magazi anali a asilikali ake, munthuyu ankasintha msanga. Pa 23 Okutobala 1983 bomba linapha asilikali a America 241 ku Beirut. Analankhula zolimba, koma pofika Febuluwale 1984 anali atawachotsa. Nkhondo yokhayo imene anatumiza asilikali ake kukalanda dziko inali ya ku Grenada, kachilumba ka anthu pafupifupi 100,000.

Za Iran-Contra muzitchule ndithu, chifukwa zimaphunzitsa ana za malire a mphamvu za mtsogoleri. Boma limene linkalalikira kuti silikambirana ndi zigawenga linagulitsa mizinga mobisa ku Iran pofuna kuti nzika zake zogwidwa ku Lebanon zimasulidwe, ndipo izi zinkachitika uku likuthandiza Saddam Hussein wa ku Iraq amene ankamenyana ndi Iran yomweyo. Phindu la malondawo Oliver North, wogwira ntchito ku White House, ndi anzake analipatutsira kwa a Contra a ku Nicaragua aja, chonsecho nyumba ya malamulo inali italetsa thandizo limenelo. Nkhani inaphulika mu Novembala 1986. Mu Malichi 1987 Reagan anauza mtundu wake kuti mtima wake ukumuuzabe kuti sanasinthanitse zida ndi anthu, koma umboni ukunena kuti anatero. Sipanapezeke umboni woti ankadziwa za kupatutsa ndalamako. Ngati sankadziwa, ndiye kuti anyamata ake ankayendetsa nkhondo m'nyumba mwake iye ali m'tulo, zimenenso si zonyaditsa.

Tsopano za malemu bambo anu. Sankalavula pachabe. Mfundo ya Reagan pa South Africa, imene anaikonza ndi Chester Crocker, mkulu woona za Africa mu unduna wake wa zakunja, inali yakuti boma la tsankho lisinthidwe mwa kulinyengerera osati kulilanga. Mu 1981 anafunsa pa wailesi yakanema ngati America ingataye dziko limene linaima nayo pa nkhondo zonse. Amene ankadziwa mbiri anaseka chamumtima, poti ena mwa atsogoleri a chipani cha National Party, monga John Vorster, anatsekeredwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse chifukwa chokondera Germany. Chaka chomwecho America inatsekereza chigamulo cha United Nations chodzudzula South Africa polowa mu Angola. Desmond Tutu atapita ku Washington mu Disembala 1984 anauza aphungu kuti mfundoyi ndi yoipa ndipo ilibe chikhristu ngakhale pang'ono. Mu Ogasiti 1985, apolisi akuwombera anthu m'makomboni, Reagan ananena pa wailesi kuti South Africa yathetsa tsankho la mtundu umene unali ku America kale, mawu amene pambuyo pake anawabweza. Mu 1986 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loika zilango za zachuma pa South Africa. Reagan analikana. Aphungu anamupitirira: 313 kwa 83 m'nyumba yaing'ono, 78 kwa 21 mu Senate, imene inali m'manja mwa chipani chake chomwe, ndipo wotsogolera kumukanako anali Richard Lugar wa Republican. Dzina la Nelson Mandela linakhala pa mndandanda wa America wa anthu owaganizira za uchigawenga mpaka 2008.

Omuteteza amati iye ankadana ndi tsankho, kungoti ankaopa kuti zilango zipweteka anthu akuda omwewo, ogwira ntchito m'migodi ngati bambo anu, ndiponso kuti ANC inali pa ubale ndi chipani cha chikomyunizimu. Mfundo zimenezi muzipereke kwa ana mwachilungamo, ndipo muwonjezere kuti mu 1986 anatumiza Edward Perkins, munthu wakuda, kukakhala kazembe ku Pretoria. Koma ine ndimaona kuti ku Poland Reagan yemweyo sanavutike kuika zilango boma la kumeneko litapondereza Solidarity mu 1981, ndipo sananene kuti zipweteka apantchito. Ku Warsaw ankaona anthu ofuna ufulu. Ku Soweto ankaona malo a pa mapu amene Moscow ingalande.

Ku Angola nkhani yake ndi yopota. Mu 1985 lamulo loletsa kuthandiza magulu a kumeneko linachotsedwa, mu Januwale 1986 Jonas Savimbi, mtsogoleri wa gulu la UNITA lomenyana ndi boma la Angola, analandiridwa ku White House, ndipo mizinga ya Stinger inayamba kufika kwa UNITA kudzera ku Zaire kwa Mobutu. Nthawi yomweyo kampani ya mafuta ya ku America inkapopa mafuta ku Cabinda, misonkho yake ikupita ku boma la MPLA lokondera Moscow limene UNITA inkamenyana nalo, zitsime zake zikulonderedwa ndi asilikali a Cuba. Crocker anamangirira ufulu wa Namibia ku kuchoka kwa asilikali a Cuba mu Angola. Ambiri mu Africa ankati zimenezi zangopatsa South Africa chifukwa chozengerezera, ndipo zinazengerezadi zaka. Komabe pangano la ku New York la pa 22 Disembala 1988 linachita zonse ziwiri: a Cuba anachoka, Namibia inalandira ufulu pa 21 Malichi 1990. A ku Washington amati ndi luso la Crocker. A ku Havana ndi ku Luanda amati ndi nkhondo ya ku Cuito Cuanavale imene inasonyeza Pretoria kuti singapitirire. Kufewa kwa Moscow kunathandizanso. Savimbi yekha anapitiriza nkhondo mpaka anaphedwa mu 2002.

Chodabwitsa chili kwa anansi athu a ku Mozambique. Mukanayembekeza kuti Reagan athandiza RENAMO, poti inkamenyana ndi boma la Frelimo lokondera Moscow, ndipo anthu ngati Senator Jesse Helms ankamukakamiza kutero. Sanatero. Mu Seputembala 1985 analandira Samora Machel ku White House. Mu 1988 unduna wake wa zakunja unatulutsa lipoti la Robert Gersony, amene anafunsa othawa nkhondo m'misasa, ina ya kuno ku Malawi, n'kupeza kuti RENAMO iyenera kuti inapha anthu wamba okwana 100,000. Lipoti limenelo linatseka pakamwa ambiri ofuna kuithandiza. Kumbukirani kuti m'zaka zomwezo, mu Seputembala 1986, Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzadzudzula Kamuzu kuti akulola RENAMO kudutsa m'dziko muno, mlandu umene boma la Malawi linkaukana.

Kwathu kuno mthunzi wa Reagan unafika m'njira ziwiri. Mfundo ya Kirkpatrick ija inkamukwana bwino Kamuzu, wodana ndi chikomyunizimu komanso mtsogoleri amene anali pa ubale wa ukazembe ndi Pretoria kuyambira 1967. Orton ndi Vera Chirwa anagwidwa mu 1981 n'kuweruzidwa kuti aphedwe mu 1983, nduna zitatu ndi phungu anaphedwa ku Mwanza chaka chomwecho, thandizo la mayiko a azungu silinaime. Linadzaima mu Meyi 1992, Cold War itatha, maepiskopi atatulutsa kalata yawo, ndipo riferendamu inatsatira mu Juni 1993. Ndiye pali chodabwitsa choti muwaonetse ana: kutha kwa udani kumene Reagan anathandiza kubweretsa ndi kumene kunachotsera Kamuzu chishango chimene mfundo za Reagan zinamupatsa. Njira yachiwiri ndi ya chuma. Mu 1981 anauza msonkhano wa IMF ndi World Bank za matsenga a msika, ndipo m'zaka zimenezo ngongole zinkabwera ndi malamulo ochotsa sabuside, kuchepetsa mphamvu ya ndalama ndi kugulitsa makampani a boma. Malawi inalowa m'ndondomeko zimenezi mu 1981, ndipo mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu za alimi zimene kale zinkapita ku ADMARC. Ku Zambia kukwera kwa mtengo wa ufa kunautsa zipolowe ku Copperbelt mu Disembala 1986, Kaunda n'kusiyana ndi IMF mu Meyi 1987. Apa samalani kuti musamusenzetse zonse Reagan. Ngongolezo maboma athu anazitenga okha, mitengo ya mkuwa ndi fodya sankaiika iye, ndipo chiwongoladzanja chimene chinatifinya anachikweza Paul Volcker, mkulu wa banki yaikulu ya America wosankhidwa ndi Carter.

Kwawo anasiya dzina lalikulu. Mu 1984 anawina zigawo 49 mwa 50. Anatsitsa msonkho wa olemera kwambiri kuchoka pa 70 peresenti kufika pa 28, anachotsa ntchito oongolera kayendedwe ka ndege m'mabwalo opitirira 11,000 amene ananyanyala mu 1981, zimene zinathyola msana mabungwe a apantchito, ndipo anasankha majaji monga Antonin Scalia amene maganizo awo akulamulirabe khoti lalikulu. Kukwera kwa mitengo kunatsika kufika pa maperesenti pafupifupi 4, koma ngongole ya boma inakula pafupifupi katatu, pa dzanja la munthu amene ankanyoza boma lowononga ndalama. Pa mliri wa Edzi anachedwa, mawu ake oyamba atsatanetsatane anabwera mu 1987 anthu zikwizikwi atafa kale. Anasuntha ndale za dzikolo moti ngakhale Bill Clinton wa Democratic mu 1996 ananena kuti nyengo ya boma lalikulu yatha. Anamwalira mu Juni 2004, atadwala matenda oiwalitsa a Alzheimer's zaka khumi.

Chipani chake lero chimamutchulabe, koma mukayang'ana zimene anachita mudabwa. Mu 1986 anasaina lamulo lopatsa zikalata anthu pafupifupi 2.7 miliyoni olowa m'dzikolo popanda chilolezo. Anakweza misonkho kangapo ataona kuti thumba la boma labooka. Ankakonda malonda opanda zotchinga ndi mgwirizano wa NATO. Mawu akuti America ikhalenso yamphamvu anali pa zikwangwani zake za mu 1980 Donald Trump asanawatenge, koma ndi boma la Trump limene linatulutsa America m'pangano la INF mu 2019, ponena kuti Russia ikuliphwanya.

M'kalasimo, njira imene ndaona ikugwira ntchito ndi yowapatsa ana zolemba ziwiri zenizeni, mwachitsanzo ndime ya mawu a ku Berlin ndi ndime ya uthenga wake wokana zilango za South Africa, n'kuwafunsa kuti mawu oti ufulu akutanthauza chiyani m'chilichonse ndipo akunena za ufulu wa yani. Akatero mlandu auzenga okha ndi umboni, inu simunachite ndale. Pa mayeso a MSCE akafunsidwa zifukwa za kutha kwa Cold War, aphunzitseni kuyamba ndi chuma cha Soviet Union ndi zisankho za Gorbachev, kenako Reagan ndi anthu a kum'mawa kwa Ulaya. Mwana wolemba dzina limodzi lokha wayankha theka la funso.

Mawu amene Reagan analankhula pagulu monga pulezidenti ali pa intaneti pa tsamba la laibulale yake ya ku Simi Valley, ndipo zikalata zambiri zimene kale zinali zachinsinsi zimapezeka ku National Security Archive. Mawu alionse amene mwawaona pa WhatsApp ali ndi chithunzi chake, yambani mwawafufuza kumeneko, chifukwa ena ndi opeka. Mukafuna kulowa mozama, makamaka pa za Angola ndi Namibia kumene mbali iliyonse ili ndi mbiri yakeyake, lemberani a dipatimenti ya History ku yunivesite ku Zomba akulozereni zowerenga za mbali zonse.

Ndipo poti muli ku Dedza, m'midzi ya m'malire mudakali agogo amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique kapena kusunga othawawo. Angathe kuuza ana zimene buku lanu la ndime ziwiri silinalembe. Koma musangowatuma anawo. Yambani mwakambirana ndi ahedi ndi amfumu, mupite nawo nokha, ndipo wokana kulankhula asaumirizidwe, chifukwa ena anataya abale awo pamaso pawo, ena anatengedwa ali ana kukasenza katundu wa RENAMO, ndipo mwina mdzukulu wa mmodzi wa iwo ali m'kalasi mwanumo.